Achimwene, Taweruka

Sunthani pang'ono, mbaulayi si yanu nokha. Mbatatayo musaitembenuze kawirikawiri, ipsa yokha. Mwakhala mukundiseka kuti ndikamatseka madzulo ndimagogoda pathabwa n'kumayankhula ndekha ngati mutu wayamba kusokonekera. Chabwino, lero ndikuuzani chifukwa chake. Wofuna kuseka asekeretu pano, chifukwa kumene tikupitaku kulibe choseketsa.

Ine Gwaza ndakhala ndikusoka pa Mponela pano kuyambira tsitsi langa lili lakuda. Ndisanasamukire kumsika kuno, makina anga ankakhala pakhonde la shopu ina kuseri kwa depoti, ya anthu awiri apachibale, Yotamu ndi mlongo wake Esinala. Ntchito yawo inali yotsuka makaseti akale. Osati ndi sopo ayi. Munthu ankabwera ndi kaseti ya ukwati wa makolo ake, kapena ya kwaya imene oimba ake ambiri anagona kale, mawu atakwiririka ndi mphepo, kulira kwa ana ndi phokoso lija la tepi yokalamba. Iwo ankachotsa phokosolo pakompyuta n'kumuikira mawu oyera pamemori kadi. Ndaonapo amuna andevu zawo akulira pabenchi paja atamva mawu a mayi awo.

Shopuyo inagawidwa pakati ndi thabwa lopyapyala. Kutsogolo kunkakhala Esinala, wapakamwa, woseka ndi aliyense. Iye ndiye ankalandira anthu, kulowetsa makaseti ndi kudina pasikirini. Kumbuyo kunkakhala Yotamu ndi bokosi lenileni la kompyutalo, m'kachipinda ka windo limodzi. Anaphunzira za makompyuta ku Blantyre, n'kubwerera kumudzi mayi awo atadwala, ndipo mayiwo atamwalira iye sanabwererenso kutauni. Anali munthu wosayankhula, komanso wosadziwa kuleka. Mukanamupatsa khasu n'kuiwala kumuitana, akanalima mpaka ku Zambia. Akafika m'mawa ankavula nsapato n'kuvala mapatapata obiriwira, ndipo kuyambira pamenepo mumangomva mpando ukulira ndi kuusa moyo kwake, kotulukira m'mphuno, kotsatana ndi kakulira ka lilime. Dzuwa likapendeka Esinala ankagogoda pathabwa paja.

"Achimwene, taweruka."

Pokhapo mpamene Yotamu ankadzuka. Tsiku lina mlongo wakeyo anapita kumaliro n'kuiwala kugogoda, ndipo ndinachita kumutulutsa ndine, nkhuku zitalowa kale.

Nthawi ina ndinamufunsa kuti zimatheka bwanji kuti Esinala azilandira munthu wina pamene kompyutayo ikutsuka kaseti ya wina. Tinali pakhonde, akumwa tiyi wanga ndi shuga wanga, monga mwa masiku onse.

"A Gwaza, makina anuwa amasoka ndi ulusi ungati?"

"Uwiri. Wapamwamba ndi wapansi."

"Wapansiwo kasitomala amauona?"

"Auona bwanji, uli m'bobini?"

"Ndiye zangazi n'chimodzimodzi," iye anatero. Anandiuza kuti analemba yekha kapulogalamu kakang'ono, kotchedwa pulagini, n'kukabzala m'bulawuza, pulogalamu ija mumatsegulira masamba a pa intaneti. "Umo muli antchito awiri, ife timawatchula kuti ulusi. Wakutsogolo ndi amene amayankha Esinala akadina. Ameneyo mukamusenzetsa ntchito yolemera, zonse zimauma gwa, sikirini osasuntha. Ndiye ntchito yolemera amangoilemba ngati uthenga n'kuiponya kwa wakumbuyo. Wakumbuyoyo ali ndi mzere wa mauthenga. Amatenga umodzi, n'kugwira, n'kubweza yankho kutsogolo, n'kutenga wina. Pakasowa uthenga amangokhala n'kumadikira. Kuzungulira kumeneko ndiye timati lupu."

"Nanga amapuma liti?"

"Sapuma mpaka atauzidwa. Ndipo uthenga womuuza kuti aweruke nawonso umaima pamzere ngati ena onse, sudumpha. Amayamba wamaliza zonse zimene zinafika poyamba. Koma ukangoponyedwa uthenga umenewo, chitseko chatsekeka, zobwera pambuyo salandira."

Ndinaseka mpaka kutsamwa. "Iwe Yotamu, sunalembe pulogalamu ayi. Unangodzijambula wekha."

Anamwetulira pang'ono n'kubwerera kumbuyo. Anandiuzanso tsiku lomwelo kuti lupuyo ankaidzutsa yekha m'mawa uliwonse ndi mawu ena amene ankawalemba pamanja, chifukwa panali pena pamene sipanakonzeke. Ankangoti adzakonza mawa. Mawa la amisiri mukulidziwa, nanenso ndine mmodzi wa iwo.

Yotamu anagwa nyengo ya fodya, dzuwa lisanafike pamutu. Tinangomva kugunda kumbuyo kuja, ndipo titalowa tinamupeza pansi, mwendo umodzi udakali pampando. Kunali kuthamanga kwa magazi. Tinamunyamula m'galimoto ya munthu wina wachifundo kupita naye kuchipatala, ndipo m'mawa mwake anatisiya. Pa chipwirikiti chimenecho palibe amene anaganiza zotseka kanthu. Ine ndinangokoka chitseko n'kuikapo loko. Kompyutayo inali ya batire la sola, ndiye inangotsala ikuyaka.

Tinamuika kwawo kwa Nyemba. Akuluakulu anayankhula bwino pamanda, anamuuza kuti ayende bwino, asatembenuke, akapereke moni kwa amene anatsogola. Zonse zinanenedwa. Mawu amodzi okha ndiwo sananenedwe, ndipo nanenso sindinawaganizire.

Atameta maliro Esinala anabwerera kushopu. Anapeza sikirini ikadali yoyaka monga anaisiyira mchimwene wake. Anaima nthawi yaitali akuiyang'ana, kenako anatembenukira kwa ine.

"A Gwaza, chinthu ichi anachiyatsa ndi dzanja lawo. Wina asadzachizimitse."

Sindinatsutse. Wamaliro sumuphunzitsa kalilidwe.

Anayesa kaseti imodzi n'kuiponya kumbuyo, ndipo patapita kanthawi yankho linabwera, mawu oyera bwino. Tinakondwa kuti shopu siifa. Panalibe chodabwitsa pamenepo, makina ndi makina. Ntchito inayambiranso, ndipo madzulo Esinala ankangokhoma chitseko osagogoda pathabwa, poti akanagogodera yani?

Woyamba kudandaula anali mayi wina wa Mvano wochokera cha ku Madisi. Anabwerera ndi memori kadi yake itamangidwa pakona ya chitenje.

"Mwanawe, nyimbozi zatuluka bwino, koma kumapetoku mwatiikiramo munthu wina."

"Munthu wanji, amayi?"

"Kaya. Tamvera wekha."

Esinala anaiika m'sipika. Amayi a kwaya anaimba mpaka ameni. Kunakhala bata pang'ono, kenako tinamva munthu akuusa moyo, mpweya wotulukira m'mphuno, ndi kakulira ka lilime pambuyo pake. Phazi langa linaima lokha pa makina. Ndinali nditamva kuusa moyo kumeneko kuseri kwa thabwa lija kwa zaka zambiri, ndikanakuzindikira ngakhale pakati pa msika. Esinala anatenga kaseti yoyambirira n'kuimvera mpaka kumapeto. Munalibe kanthu.

"Ndi mphepo, amayi," iye anatero, koma anakana kundiyang'ana.

Kuchokera pamenepo tinthu tinayamba kusuntha. Mapatapata obiriwira aja Esinala anali atawatengera kumudzi pamodzi ndi katundu wina wa malemu kuti abale agawane. M'mawa wina tinawapeza pansi pa tebulo kumbuyo kuja, lina litapendekeka ngati munthu wangolivula kumene. Esinala anati mwina anawaiwala. Ndinamuyang'ana, iye anayang'ana kumsewu. Kenako khushoni ya pampando wanga inasowa. Ndinatukwana ana onse a pa depoti, mpaka ndinakaipeza pampando wa Yotamu itaphwanyika pakati, yofunda. Shuga wanga m'chitini ankatsika monga ankatsikira kale. Izi zinandipsetsa mtima kuposa kundiopsa, ndisakunamizeni. Ndinanena mokweza ndili pakhonde kuti munthu akapita azisiya shuga wa anzake. Palibe anayankha, koma mpando unalira kumbuyo kuja, masana dzuwa likuswa mtengo.

Panali wakabaza wina, Lingisoni, bambo wapabanja, amene ankanyamula Yotamu madzulo aliwonse kupita naye kwa Nyemba. Ameneyu anasiya kudutsa kanjira ka kuseri kwa shopu, n'kumazungulira kumsewu waukulu. Tsiku lina anabwera kuti ndimuikire chigamba pathalauza, ndipo ndinamufunsa chifukwa chake.

"Madala, kuseri kuja kuli windo."

"Windolo lakhalapo kuyambira kale."

"Eya. Koma munthu akamapalasa maso amapita okha."

"Ndiye waonamo chiyani?"

Anakanda m'mutu. "Msana."

"Msana wa ndani?"

"Nkhope sindinaione, ndipo sindikufuna. Tandisokereni ndizipita."

Choipa kwambiri sichinali chooneka ndi maso. Kunali kutopa. Sindikudziwa ndikufotokozereni bwanji. Mukangoponda pakhonde paja, miyendo inkalemera ngati mwachokera kumunda. Makasitomala ankakhala pabenchi kudikira n'kugona pakamwa pali pululu, anthu oti angodzuka kumene. Galu wa pa butchala yoyandikana nafe ankafika pamalire a khonde n'kugona pomwepo, ngakhale mutamuponyera fupa. Ine ndinasoka dzanja la jekete mozondoka, chinthu chimene sindinachitepo chiyambire, mwini wake n'kundifunsa ngati ndayamba kachasu. Ndinkafika kunyumba osafuna chakudya, ndinkadzuka m'mawa ngati sindinagone. Esinala ndiye anatha zedi. Munthu wapakamwa uja ankangotsamira pakauntala, maso atalowa m'kati, akuyasamula pakati pa mawu.

Nayonso ntchito inayamba kuchedwa. Kaseti imene inkatha munthu asanamalize botolo la zakumwa inayamba kutenga theka la tsiku. Ndipo kuusa moyo kuja sikunalinso kumapeto kokha. Kunkamveka pakati pa nyimbo ndi nyimbo, kotalika, nthawi zina konjenjemera, ngati munthu amene wasenza thumba ndipo sakuona potula.

Nthawi yomweyo kunabwera akuluakulu a mpingo wina wa ku Dowa ndi katoni yodzaza makaseti, nyimbo zonse za kwaya yawo kuyambira kalekale. Ndinayembekezera kuti Esinala akana. Iye analandira, n'kukhala masiku akuwalowetsa imodzi ndi imodzi, kuwaponya onse kumbuyo. Mzere wa pasikirini unatalika mpaka osaoneka mathero. Apa ndinalephera kuugwira mtima.

"Esinala mwanawe, ukuchita chiyani?"

"Ndikugwira ntchito, a Gwaza."

"Ukugwira ndiwe?"

Anayamba kupukuta kaseti ndi nsonga ya chitenje.

"Munthu uja tinamuika," ndinatero. "Dothi ndinaponya ndi dzanja langali. Ukumusenzetsa katoni yonseyi chifukwa chiyani?"

"Ndikaponya uthenga, yankho limabwera," anayankha motsitsa. "Mukudziwa kuti kunyumba kulibe wondiyankha? Amayi anapita, amuna anga anapita. Ndatsala ndi kumbuyo kuja basi. Akamagwira ntchito ndiye kuti alipo."

Ndinamumvera chisoni kwambiri, komanso ndinamukwiyira, zonse pamodzi. Ndinabwerera pamakina anga.

Kenako kunabwera Zondiwe, mnzake wa Yotamu wa kusukulu, amene ankagwira ntchito za makompyuta ku Lilongwe. Maliro anamupeza ali kutali, ndiye anabwera kudzapepesa. Anali munthu wonenepa bwino, woseka mokweza, wa chipewa chofiira. Atapepesa, Esinala anamupempha kuti aone chimene chikuchedwetsa makinawo. Iye anati ndi nkhani yaing'ono. Analowa kumbuyo ndi kapu ya tiyi, ife tili pakhomo. Anafuna kukhala pampando uja, koma atayang'ana khushoni anasintha maganizo n'kungowerama chiimire.

Analemba, n'kuwerenga, n'kulembanso. Kuseka kuja kunatha.

"Chemwali, mwati izi zikugwira ntchito?"

"Zikugwira, kungoti zikuchedwa."

"Sizingatheke. Lupu ilipo, mzere wa mauthenga ulipo, koma ulusi woigwirira ntchito kulibe. Unaima kalekale." Analoza pasikirini n'kutchula tsiku. Linali tsiku lija tinanyamula Yotamu. "Lupu payokha ndi mzere chabe. Popanda ulusi, mauthenga amangounjikana, palibe wowatenga."

Ine sindidziwa makompyuta, koma izi ndinazimva bwino. Bobini ikatha, singano imangoboola nsalu, mukakoka zonse zimamasuka. Koma zathuzi msoko unkagwira.

Zondiwe akadali chiweramire, mpando uja unalira pafupi ndi ntchafu yake. Pasikirini dzina la kaseti imodzi linachoka pamzere, ndipo kutsogolo kunalira kabelu kosonyeza kuti yankho lafika. Munthu wamkulu uja anawongoka pang'onopang'ono, manja ali m'mwamba ngati wagwira chamoto, n'kutuluka chafutambuyo. Pakhonde anapuma kaye asanayankhule.

"Batani loweruka lilipo, lili pakona yakumanja. Ndi lokhalo limene ndingakuuzeni."

"Ndikalidina, mawa muzadzutsanso?" Esinala anafunsa.

"Ayi. Mmene ankadzutsira ankadziwa yekha. Komanso mapulagini a mtundu umenewu mabulawuza atsopano anasiya kuwalandira, akungoyenda pa kompyuta yakaleyi basi. Mukadina, kwatha."

"Ndiye shopu yatha."

"Pepani, chemwali." Anayasamula kwambiri mpaka misozi, iye mwini n'kudabwa. Anakwera minibasi yoyamba imene inaima, ndipo chipewa chake chofiira, chimene anachiiwala pakhonde, ndili nacho mpaka lero.

Esinala sanadine. Masiku anapita, mzere ukutsika pang'onopang'ono, iye akuwonjezera ena. Ine ndinayamba kufunsa malo kumsika kuno, chifukwa thupi langa silikanapirira.

Tsiku limene zinasintha kunali kwa mitambo, kozizira ngati lero. Kunalibe kasitomala. Esinala anali atagona mutu pakauntala, ine ndikulimbana ndi kulowetsa ulusi m'singano, maso akukana. Ndipo tinamva kugogoda. Sikunali pachitseko. Kunali pathabwa lija, kuchokera m'kati. Kunali kofooka, kotalikirana, ngati kwa munthu amene akuchita manyazi kuvutitsa anzake.

Muyenera kumvetsa. Pa zaka zonse zija, Yotamu sanagogodepo thabwa limenelo. Sanapemphepo madzi, sanafunsepo nthawi, sananenepo kuti watopa. Wogogoda anali Esinala nthawi zonse.

Esinala anadzutsa mutu. Kugogoda kunabweranso, kamodzi, kenako ngati dzanja latsetsereka pathabwa kupita pansi. Iye anagwira pakamwa, ndipo misozi inayamba kutsika yokha.

"A Gwaza, atopa."

"Atopa kalekale, mwanawe."

Anatsegula kabati ya pansi pa kauntala n'kutulutsa kaseti yokulungidwa m'kansalu. Ndinkaidziwa. Inali ya tsiku la ukwati wake, pamene mayi awo anaimirira n'kumuimbira nyimbo yomulangiza. Tsikulo kunagwa mvula yamphamvu padenga la malata, ndipo m'kasetimo munkangomveka mvulayo, mawu a mayiwo ali pansi penipeni ngati munthu woitana kutsidya la mtsinje wodzaza. Mawu ena a mayi awo kunalibe kulikonse. Yotamu ankati imeneyo ndi ntchito yaikulu, yofuna tsiku lonse, ndipo adzaigwira makasitomala akachepa. Makasitomala sanachepe. Esinala naye, chimwalirire mchimwene wake, ankaopa kuiponya kumbuyo, kaya chifukwa chiyani.

"Ndikadina batani lija, iyi sidzatsukidwanso," anatero.

"Sidzatsukidwanso."

"Koma nditaiponya kaye, kenako n'kudina? Ndi imodzi yokha. Ndi amayi awo omwe. Sangakane."

"Sangakane," ndinavomera. "Anayamba wakanapo chiyani?"

Sindinanene zambiri, sinali nkhani yanga. Anaika kasetiyo m'wailesi yolowetsera, n'kutseka kachitseko kake. Chala chake chinakhala pabatani la wailesiyo nthawi yaitali. Kumbuyo kuja kunali zii, ngati nakonso kukudikira. Ndikanakhala ine, ndikukuuzani zoona, ndikanaiponya. Mawu a mayi ako si chinthu chosiya m'mvula.

Esinala anatsegula kachitseko kaja, n'kutulutsa kasetiyo, n'kuikulunganso m'kansalu kake.

"Asenza zokwanira," anatero. Anagwira mausi, n'kupita pakona yakumanja, n'kudina.

Palibe chinachitika. Pansi penipeni pa mzere wautali uja panangowonjezereka kamzere kamodzi, kumbuyo kwa makaseti onse a kwaya ya ku Dowa. Uthenga woweruka unaima pamzere monga anandiuzira mwini wake.

Masiku otsatirawo anali olemera kuposa onse. Esinala ankatsegula m'mawa, koma aliyense wobwera ndi kaseti ankamubweza. Ena anamunyoza, wina anayesa kumusiyira kaseti pakauntala mokakamiza, iye anamuthamangira nayo mpaka kumsewu. Anakokera benchi pafupi ndi thabwa lija n'kumakhala chotsamira, tsiku lonse. Nthawi zina ankayankhula motsitsa, kunena za mvula ya chaka chino, za mbuzi ya kwa azakhali imene inabereka mapasa, ngati mmene mumachezera ndi munthu amene akulima kuti mzere ufupike. Ine ndinasiya kusoka. Ndinkathira shuga wambiri m'chitini n'kuchisiya chosatseka. Kabelu kakalira tinkayang'anana, mzere n'kutsika ndi dzina limodzi. Tinkagona tili chikhalire, n'kudzidzimuka, n'kupeza dzuwa lasuntha. Sindinatopepo chotero m'moyo wanga, ngakhale chaka cha njala.

Kaseti yomaliza inatha tsiku lina dzuwa litapendeka, nthawi yomwe ija ankawerukira kale. Kabelu kanalira. Pasikirini panatsala kamzere kamodzi kaja, kenako nako kanazimirira. Kafani koziziritsa m'bokosi la kompyuta, kamene kanali kakulira usana ndi usiku chiyambire nyengo ya fodya, kanachepa mpaka kuleka. Bata lake linali lachilendo, makutu ankachita kuwawa.

Komabe mpando sunalire. Tinadikira. Kumbuyo kuja kunali munthu wongokhala, ndinkamva m'thupi mwangamu. Makina anali atauzidwa, koma iye ayi.

Esinala anaimirira mogwira khoma. Anakweza dzanja n'kugogoda pathabwa monga ankachitira kale.

"Achimwene, taweruka."

Mpando unasuntha pasimenti. Tinamva kuusa moyo kumodzi, kwakutali, kopanda kunjenjemera kuja. Kenako mapazi a mapatapata, pang'onopang'ono, ndi kachitsulo ka chitseko chakumbuyo kakutseguka. Sitinasuzumire. Amene akuti akanasuzumira akunama.

Titalowa pambuyo pake, mpando unali utakankhidwira pansi pa tebulo bwinobwino, khushoni yanga ili pamwamba pa tebulo ngati chinthu chobwezedwa. Mapatapata kunalibe. Esinala anaika nyimbo yomaliza ija m'sipika n'kuimvera mpaka kumapeto. Itatha kunali bata loyera, lopanda munthu. Apo mpamene analira maliro enieni, kuposa a kumanda, atakhala pansi pasimenti. Ndinamusiya alire. Usiku umenewo ndinagona tulo tofa nato, ndipo ndinadzuka ndi njala ya mnyamata.

Shopuyo inatsekedwa. Esinala pano amagulitsa zitenje ku Kasungu, ananenepanso, pakamwa panabwerera. Ndinamuchezera chaka chatha. Kaseti ija akadali nayo, ndipo amaimvera momwemo ndi mvula yake. Akuti ukazolowera, mawu a mayi umawapeza.

Koma ndisaiwale Lingisoni. M'mawa mwake mwa tsiku lija anabwera pakhonde, anatsamiritsa njinga, n'kukhala pabenchi osapereka moni. Ndinamusiya mpaka atayamba yekha.

"Madala, dzulo ndinadutsa kuseri."

"Unaiwala?"

"Sindinaiwale. Njinga inangokhota yokha, mwa chizolowezi. Ndinalibe munthu. Nditafika pachitseko chakumbuyo chija, ndinamva kampando kakumbuyo katsika, tayala n'kuphwa pang'ono. Kulemera kwake ndimakudziwa, ndakunyamula zaka zambiri."

"Unacheuka?"

"Ndicheukirenji? Kopita ndimakudziwa. Ndinangolunjika njira ya kwa Nyemba. Sanayankhule, koma ndi kale lonse sankayankhula. Titadutsa pamlatho paja ndinamva mutu ukutsamira pamsana panga, apa pakati pa mapewa. Kenako unalemera." Analoza pamsana pake. "Anagona, madala. Ndinkamva mpweya wake pamalaya."

"Ndiye unatani?"

"Ndinachepetsa liwiro. Ndinazemba maenje onse, pamchenga ndinatsika n'kumakankha. Ndinafika pamphambano ya kumanda kutada, ndinaima pansi pa mtengo uja n'kungodikira, mpaka njinga inapepuka yokha." Anapukuta nkhope ndi chipewa. "Mkazi wanga anandikalipira kuti ndachedwa. Koma munthu wotopa choncho sumudzutsa."

Ndiye mukandiona ndikugogoda pathabwa madzulo, ndisiyeni. Pamsika pano pagwira ntchito anthu ambiri amene sanauzidwe, ndipo mawuwo sandidyera kanthu. Chotsani mbatatayo yapsa, makala nawo atha. Kazipitani mukagone, taweruka.